Anagula Zibakera Zanga

Mzungu wa timu ya hoke ataimba foni kuchokera ku Canada sanafunse ngati ndimatha kugoletsa. Anafunsa kulemera kwanga, kenako anati, "Uja wamugwetsa pa vidiyoyi anadzuka?" Ndinati anadzuka. Anaseka, nati nditumize pasipoti. Ndinavomera ndili chiimire pa renki ya matekisi ku Rustenburg, chikwama cha zida zosewerera chili pamapazi, ndipo ndinadziona wanzeru kuposa onse amene ankakankhana pamzerepo.

Hoke ya pa ayezi ndinaiphunzira mwangozi. Mayi anga ankagwira ntchito m'nyumba ya Mabunu ena ku Geelhoutpark, ndipo mwana wa m'nyumbamo ankapita ku Pretoria Loweruka lililonse kukasewera. Ankanditenga kuti asamanyong'onyeke m'galimoto. Iye anasiya atathyoka chala. Ine ndinapitiriza, nditavala nsapato zake zakale za mipeni kunsi, mpaka ndinalowa timu ya akuluakulu. Sindinali katswiri ayi. Ndinali wamkulu thupi ndipo sindinkaopa kugwa, basi.

Bambo anga, a Chimbalanga, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kuthera mphamvu zawo zonse pansi pa mgodi wa pulatinamu. Nditawauza za ulendo, anavala magalasi n'kuwerenga kontirakiti yonse, chala chikutsata mzere.

"Apa alemba kuti angathe kukuchotsa tsiku lililonse," anatero.

"Ndi mmene amalembera, Bambo."

"Ndikudziwa mmene amalembera."

Anandibwezera pepalalo.

Tawuni imene ndinafikira inali ya fakitale ya mapepala, ndipo mpweya wake unkanunkha ngati kabichi wowola. Ligi yathu inali ya pansi penipeni, kotayako anthu amene matimu akuluakulu anawakana. Ena masana ankakhoma madenga, ena kugulitsa inshuwalansi, koma aliyense ankalankhula ngati foni yomuitana ku ligi yapamwamba ilira mawa. Panali wina wa imvi kale m'mutu amene ankanenabe kuti chaka chino ndi chake. Tinkagona anayi m'kanyumba ka pamwamba pa shopu ya matayala, masokosi onyowa ali ponseponse.

Masewerawa amatenga ola, koma ine ndinkalowa mphindi zitatu, zikachuluka zinayi. Kochi wathu, bambo wonenepa wosasiya kutafuna chingamu, ankangondigogoda paphewa n'kuloza ndi chibwano. Timu iliyonse inali ndi munthu wake ngati ine, ndipo ndikalowa iye ankadziwa kale. Tinkataya ndodo ndi magolovesi, kugwirana majezi, n'kumenyana mpaka wina agwe. Refa ankaima pambali manja ali kumbuyo ngati mlonda wa pabanki. Kenako mphindi zisanu m'kakhola ka olakwa, magazi akudontha pachibwano, anthu akumenya galasi lotchinga bwalo ndi zikhatho, mowa ukutayikira ana awo. Tikatha masewera, yemwe ndamenyana nayeyo ankandifunsa panja ngati dzanja lili bwino. Mwa anthu onse a m'bwalomo, ndi iye yekha amene sindinkamunyoza.

Pa zikwangwani anandilemba kuti Mkango wa ku Africa, nati ndinakulira pansi pa mgodi. Mgodi ndinkangouonera kunja kwa mpanda, ndipo mkango ndinauonapo kamodzi pa ulendo wa sukulu, uli mtulo. Mayi wina anandifunsa, ndi nkhope yachifundo, ngati kwathu kuli mafiriji, poti ayezi ndinamudziwira kuti. Anthu amenewo ankalipira pakhomo kuti adzaone ngati magazi a munthu wakuda amaoneka chimodzimodzi akadonthera poyera. M'zaka zisanu ndinagoletsa chigoli chimodzi, nachonso kamphira kamene timamenya ndi ndodo kanangondigunda pabondo n'kulowa. Kochi anati, "Usazolowere."

Kunyumba ndinkatumiza mabodza. Ndinkadzijambula nditatsamira galimoto ya mwini timu, pakamwa nditatseka chifukwa mano atatu akutsogolo anali atapita. Malipiro anali ochepa moti ndikanachita manyazi kuwatchula, koma theka ndinkatumiza, poti chifuwa cha Bambo chinali chitayamba kufuna mankhwala mwezi ndi mwezi. Abale amene sanandiyankhepo moni ndili ku Joni anayamba kulemba: "Bwana wa ku Canada, tikumbukeniko kafoni." Ndinkawerenga mauthengawo m'basi, ulendo wa tsiku lonse pakati pa chipale chofewa, anzanga akulira mkonono. Nthawi zina ndinkadziyankhula Chichewa chapansipansi, kutchula mayina a ndiwo, kungoti ndimve ngati lilime likadali langa.

Anandigulitsa kawiri ku matimu ena. Kawiri konseko ndinamva kwa wochapa majezi, atandiikira kale chikwama pakhomo.

Chaka chachisanu ndinakumana ndi wina wongoyamba kumene, wanjala ngati mmene ndinalili ine pofika. Chibakera chake chinandipeza kunsi kwa khutu. Ndinagwa chagada, mutu pa ayezi. Patapita sabata ndinapezeka ndaima m'shopu buledi ali m'manja, osakumbukira kuti kumene ndimagona ndi mbali iti. Dokotala ananena poyera kuti zikachitikanso mwina sindidzadzuka. Kochi anandigwira chanza ndi manja awiri, nati ndine wa m'banja mwawo mpaka kalekale, kenako anapempha jezi. Ndisanatuluke n'komwe, wochapa uja anali atayamba kusosola dzina langa kumsana.

Ndinatsika pa renki yomwe ija ndi chikwama chimodzi. Dzuwa la ku Rustenburg linkandibaya m'maso, mutu ukugunda, ndipo ndinali nditakonzeratu bodza loti ndabwera kudzapuma.

Lamulungu ndinaperekeza Bambo ku tchalitchi chimene Amalawi timasonkhanako. Titatuluka, azibambo anandizungulira pansi pa mtengo, majekete atawasita bwino, Mabaibulo m'khwapa. A Kamwendo, mkulu wa mpingo amene anali atangolalikira za mtendere, anatulutsa foni.

"Mphwanga, tabwera udzione," anatero. "Apa, apa! Taonani, akugwa ngati thumba la simenti!"

Inali vidiyo ya tsiku lomaliza lija. Anaibweza pang'onopang'ono kuti aliyense aone pamene mutu ukugunda. Anaseka mpaka wina anagwira bondo. Wina anandipempha kuti nditsegule pakamwa aone mpata wa mano.

"Munkadziwa?" ndinafunsa.

"Eish, tinkasonkherana data kuti tikuonere! Ija unamuthyola mphuno wa ndevu uja, kuno tinakondwa sabata yonse."

Ndiye kuti zaka zisanu ndinkatseka pakamwa pa zithunzi pamaso pa anthu amene ankadziwa dzino lililonse ndi tsiku limene linagwa. Anali anthu omwe aja omenya galasi, kungoti awa sankalipira pakhomo, ndipo ankanditchulanso m'mapemphero. A Kamwendo anandikokera pambali n'kutsitsa mawu. Mlamu wawo ali ndi thaveni, malo omwera mowa, pafupi ndi hositelo ya mgodi, anatero, ndipo kumapeto kwa mwezi anyamata akalandira amavuta kwambiri. "Munthu wa mphatso ngati iwe sangasowe ntchito. Mulungu sapereka manja otere pachabe." Anandilembera nambala kuseri kwa kapepala ka nyimbo.

Masana omwewo ndinakhala ndi Bambo kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Mayi anabweretsa tiyi n'kubwerera m'nyumba. Kupuma kwa Bambo kunkamveka ngati munthu akukoka chitsulo pamchenga.

"Inunso munkaonera?"

"Yonse," anatero. "Amayi akowa ankatuluka panja. Ine ndinkaonera. Ya kugwa chagadayo ndinaibweza katatu kuti ndione ngati chifuwa chako chikukwera."

"Nanga bwanji simunandiuze kuti ndibwerere?"

Anatsokomola nthawi yaitali, nalavulira m'kachitini kamene kankakhala pansi pa mpando.

"Foni ndinkaitenga. Ndikayang'ana botolo la mankhwala, ndinkaiikanso pansi." Anapuma kaye. "Agogo ako ku Ntcheu ankadziwa zimene mgodi umachita ndi mapapo a munthu. Anaika m'manda anthu angapo obwerera kumudzi kuchokera ku Joni. Koma kalata zawo zonse zinkangoti, mwana wanga, kuno kwazizira, utumize bulangete. Sindinalandirepo yoti bwera."

Mnyozo ndinali nawo wokwanira, wotsala kwa kochi, kwa a Kamwendo, kwa ine ndemwe. Ndinayesa kuuponya pa nkhalamba imeneyi koma sunagwire. Ndinawathirira tiyi wina.

Za ntchito ya pathaveni sanandifunse, ndipo ine sindinawauze kuti kapepala kaja kali m'thumba la malaya. Mankhwala awo anali oti atha Lachinayi.