Kazenera ka Apongozi

Amalume anga anali ndi sitolo pa Chiringa, ndipo sitoloyo inali kufa. Katundu analimo: mchere, palafini, sopo ndi nsalu za biriwita. Vuto linali ukwati. Amalumewo adakwatira pamudzi waukulu wa kufupi ndi msika, ndipo mwa mwambo wathu mkamwini sapenyana maso ndi apongozi ake. Tsono apongozi sanali mmodzi. Amayi a mkazi wawo anali ndi akulu ndi ang'ono awo ambirimbiri, onsewo apongozi, onsewo ofuna mchere. Mmodzi akaonekera pakhomo, amalume ankagwera pansi pa kauntala ngati thumba la nandolo, apongoziwo n'kubwerera chafutambuyo, kukagula kwa Mchawa wina wa tsidya la msewu.

M'zaka zoyamba za Chitaganya amalume ananditumiza ku Harare kukaphunzira zamalonda. Ndikonze msanga: anandituma. Chotumizidwa ndi mtolo, ndipo ine sindinali mtolo.

Kusukuluko tinali osakanikirana, Mashona, Mandebele, Alozi ndi ife a ku Nyasalande. Mphunzitsi wathu, Mzungu wofiira makutu, ankati wamalonda ayenera kumuyang'ana wogula m'maso. Mnzanga wa Chishona anati kwawo kutero n'chipongwe. Mlozi anati kwawo amayamba awomba m'manja. Tinakangana mpaka ndinazindikira kuti ulemu ulibe nkhope imodzi. Koma phunziro lenileni ndinalipeza m'tauni. Masitolo a Azungu sankatilola kulowa pakhomo. Ankatigulitsira pa kazenera ka kumbali, kotulukira dzanja lokha. Ndinaimapo kangapo mtima ukuwira.

Nditabwerera, amalume anandiuza mosabisa kuti mpunga ukakololedwa adzagulitsa sitoloyo.

"Amalume, ndipatseni mwezi," ndinatero. "Apongozi akayamba kudzagula kuno, sitolo ikhale m'manja mwanga."

"Mphwanga, kodi ku Harare amaphunzitsa kusudzula?"

"Ayi. Ndikufuna kalipentala."

Tinaboola khoma la kumbali, moyang'ana kumunda wa chinangwa, n'kuikapo kazenera kofanana ndi kaja kanandinyoza. Ndinapachikapo kansalu. Kenaka ndinatuma mkazi wa amalume kukalengeza kwawo kuti khomo ndi la anthu wamba, koma apongozi awalemekeza ndi malo awoawo.

Loweruka lake apongozi aakulu anafika, atavala mpango watsopano. Anakhosomola pakazenera. Amalume, mwa chizolowezi, anali atayamba kale kugwada.

"Imani, amalume. Sakukuonani."

"Akamwini," anatero mawu kuseri kwa nsalu, "muli momo?"

"Ndilimo, amayi."

"Ndakhala ndikufuna kukufunsani chiyambire. Mchere wanuwu mumayezera chikho kapena chisoti cha botolo?"

Amalume anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Chimene sindinachiwerengere m'maphunziro anga onse n'chakuti manyazi amakhala m'maso. Maso atabisika, lilime linamasuka. Mayi amene sanayankhulepo ndi mkamwini wawo chikwatire anayamba kutsitsa mitengo ngati wogula mbuzi. Anati palafini ngwothira madzi. Anati biriwita ndi yopyapyala moti nkhuku ingawerenge nthiti za munthu. Pomaliza dzanja linatulukira pansi pa nsalu, chikhatho chili m'mwamba.

"Basela."

"Amayi, ndaika kale."

"Ameneyo anali wa wogula. Ndikunena wa mpongozi."

Mbiri inawanda. Sabata yotsatira mzere wa pakazenera unafika m'chinangwa. Anabwera apongozi enieni, anabweranso amayi ena amene ubale wawo ndi ife unali wakuti agogo awo adatungapo madzi pachitsime chimodzi. Ngakhale mkazi wa Mchawa wa tsidya lija anabwera, nati iyenso ali ndi mwana wamkazi, ndiye palibe akudziwa za mawa. Pakhomo lalikulu pankangolowa amuna ofuna machesi.

Katundu ankatha, phindu n'kumaoneka ndithu, ngakhale basela ankalidya m'mbali. Koma amalume anayamba kuwonda. Tsiku lililonse ankamva, kuchokera kuseri kwa kansalu, zonse zimene akuchikazi anawasungira: denga lodontha, mbuzi imene sanapereke pamaliro, ndi kuyenda kwawo kokhotakhota akachoka kumowa.

Mwezi usanathe anandiitanira kuseri, nandipanikiza makiyi m'manja.

"Tenga, mphwanga. Sitolo ndi yako."

"Simudikira mpunga?"

"Mpunga udikire wekha. Pansi pa kauntala paja panali mtendere."

Anakwera njinga yawo kulowera kuphiri la Michesi, kumene anati kuli munda wofunika kuuyang'anira, ngakhale tonse tinkadziwa kuti mundawo adausiya kalekale.