Insa ya Pansi pa Mtengo wa Azitona

A Mifleh, amene kumudzi kwawo kum'mwera kwa tauni ya Madaba amawatchula kuti bambo a Sayel, anakulira m'munda umodzi ndipo akukalambira momwemo. Mvula yoyamba ikagwa amafesa tirigu. Dzuwa likawawa amakolola. Mphepo ikayamba kuzizira amayala nsalu pansi pa mitengo ya azitona n'kumathyola zipatso. Pa mitengo yonseyo pali umodzi wokhota, umene akazi awo a Fidda anabzala chaka chimene anakwatirana. A Fidda anatsikira kulichete kalekale, koma masana aliwonse a Mifleh amavula nsapato n'kukhala pamthunzi wa mtengowo.

Chaka china kunagwa chimvula chimene chinakokolola nthaka pafupi ndi tsinde lake. Kutacha, a Mifleh anapeza timiyala tofiira, toyera ndi takuda, tondandalikidwa bwino ngati mikanda. Atapukuta matope ndi chikhatho, panaoneka chithunzi chakalekale cha mwendo wa insa, chopangidwa ndi timiyalato.

"Kwirirani msanga, nkhalamba inu," anatero Ghassab, mnansi wawo, atasuzumira pampanda. "A boma akangomva abwera ndi mapiki. Mtengo wa akazi anuwo tidzaphikira khofi."

"Khofi wake uti? Iwe chibadwire umangomwa wanga."

A Mifleh anaseka, koma mtima unali m'mwamba. Akwirire n'kukhala chete, pulawo idzang'amba insayo polima. Akanene, mtengo upita. Anaganiza mpaka tirigu anatulutsa ngala, kenaka anavala mkanjo wawo wabwino n'kupita kutauni kukanena.

Atatha kukolola kunabwera ofukula zakale, motsogozedwa ndi mayi wina wophunzira, Dokotala Rudayna. Analibe mapiki ambiri. Ankapala dothi ndi timipeni, n'kumasesa ndi timaburashi ngati akupukuta khanda. Insa inatuluka yonse, yoonda miyendo, khosi litatembenuka. Inkayang'ana chinthu china chimene chinali pansi penipeni pa mtengo wa a Fidda.

Tsiku limenelo a Mifleh anabweretsa buledi, mafuta ndi tiyi, koma iwo eni sanadye.

"Amalume, bwerani muone," anatero Rudayna. "Mizu iwiriyi yalowa pansi pa chithunzi, ikutukula timiyala."

"Ndiye muuzula, eti mwana wanga? Nenani, ndisaonere."

Rudayna anakhala pamwala n'kuvula chipewa. "Ndikanena kuti sindikufuna kuona chimene insayi ikuyang'ana, ndinama. Ndikufunitsitsa. Koma dothi limene tafukula silibwereranso m'mene linalili, ngakhale titalakwitsa. Kudzabwera ena pambuyo pathu, odziwa kuposa ife. Tiwasiyireko pokumba. Ndiponso amene anayala timiyalati anapita, inu mulipo."

"Nanga mizuyo?"

"Tidula iwiri yokhayo, n'kutchinga ndi miyala. Mtengo udwala, ndipo sindingalumbire kuti uchira. Chithunzichi tichijambula, kenaka tichikwirira ndi mchenga ndi dothi. Inu pano musadzalimepo kapena kuthirira."

A Mifleh anayang'ana kachigawo ka munda kamene sikadzaberekanso tirigu, n'kuyang'ananso mtengo. Macheka odulira mizuyo anagwira iwo eni. Sanafune kuti dzanja la mlendo lichite zimenezo.

Ghassab anabwera kudzaonerera akukwirira. "Anthu a sukulu inu! Mwezi wonse kukumba, lero mukufotsera. Bulu wanga akachita zotere ndimamugulitsa."

"Tigulitseni buluyo, bambo, atithandize kututa mchenga," anayankha Rudayna.

Chaka chimenecho mtengo unayoyola masamba mbali imodzi. Nthawi yothyola azitona a Mifleh anayala nsalu pansi pake monga mwa masiku onse, koma sipanagwe kanthu. Anaipinda nsaluyo. Nyengo yozizira yonse ankapita kukakanda khungwa ndi chikhadabo, kuona ngati mkati mukadali mobiriwira.

Udzu utaphuka ndipo mbalame zoyera za miyendo yaitali zitadutsa kulowera kumpoto, nthambi youmayo inatulutsa timphukira. Patapita milungu pang'ono panaoneka timaluwa. Zipatso za chaka chimenecho zinali zochepa, ndipo a Mifleh anakana kuzisakaniza ndi za mitengo ina kokayengetsa. Anatuluka mafuta osadzaza n'komwe botolo. Anatuma mwana wawo Sayel kuti akapereke kwa Rudayna kumzinda wa Amman, akanene kuti mtengo wachira ndipo mwini wake akuthokoza.

Masiku ano pulawo ikafika pamenepo a Mifleh amaikweza n'kuzungulira. Pamalopo pamamera maluwa ofiira akutchire, ndipo abusa amadziwa kuti mbuzi sizidutsapo.

"Komabe, bambo a Sayel," amatero Ghassab akumwa khofi wa eni ake, "insa ija inkayang'ana chiyani?"

"Adzakuuza adzukulu a adzukulu ako," amayankha a Mifleh. "Sendera uko, wanditchingira mthunzi."