Thobwa la Lachitatu

Ku Utale mukafunsa za mayi Bernadetta, achinyamata adzakuuzani kuti ndi amayi athobwa aja a ku mapemphero. Achikulire amayamba aseka kaye, chifukwa akukumbukira masiku amene amuna ankatchula dzina limeneli monong'ona akazi awo akakhala pafupi. Mayi Bernadetta ankatcheza kachasu, ndipo sanali wamasewera. Luso analitengera kwa amayi awo, ndipo anthu ankapalasa njinga kuchokera ku Phalula kudzafuna wa m'manja mwawo. Tinjira tonse tachidule todutsa m'minda ya thonje tinapondedwa ndi makasitomala awo.

Sanali munthu woipa, iyayi. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa kubisa zakukhosi, ndipo ana awo anaphunzira sukulu chifukwa cha mpope wotchezera womwewo. Chimene chinawasiyitsa ndi mlongo wawo, amene ankamwa ulere popeza pakhomo panali pachibale, mpaka chiwindi chinatha. Atabwerako kumanda anaphwanya mbiya, mpope uja n'kuuponya m'chimbudzi, ndipo sanauze munthu chifukwa chake. Aliyense ankachidziwa.

Patapita zaka kunabwera abusa Godfrey, mmishoni wochokera kumpoto, amene mpingo wawo unawatuma kudzatumikira anthu ogwidwa ndi mowa ndi chamba. Anamanga chisakasa chaudzu, ndipo Lachitatu lililonse masana ankasonkhanitsa zidakwa, kuziwerengera Mawu, kuzisanjika manja ndi kuzipempherera mpaka malaya kunyowa ndi thukuta. Munthu wa Mulungu ameneyu chibadwire sanalaweko mowa, ngakhale dontho. Koma ankawakonda anthu akewo, ndipo ena anasinthadi.

Mayi Bernadetta ankakhala kumbuyo, manja atapinda, kuyang'ana makosi a makasitomala awo akale. Abusa akawaitana kuti adzathandize kusanjika manja, ankakana.

"Manja awa ndi amene anawamwetsa matendawa, abusa. Ndiwaikenso pamutu pawo?"

Koma maso awo ankaona zimene abusa sankaona. Akanena ameni, amuna aja ankatuluka kukhosi kuli gwa, manja ali lendelende, ndipo njira yobwerera kwawo inkadutsa pamene pakununkhira. Tsiku lina anawauza abusa mosapita m'mbali.

"Mumapemphera bwino, koma mukuiwala kukhosi. Munthu amene anazolowera chikho, dzanja lake limasungulumwa."

Kuyambira pamenepo anayamba kuphika thobwa. Ankathira chimera Lolemba, kuwiritsa Lachiwiri, ndipo Lachitatu ndowa inkafika pachisakasa, thobwa lotsekemera loti ngakhale mwana amwe. Amuna ankakhala pansi, chikho m'manja, kucheza ndi kunamizana monga ankachitira kumowa, kenaka n'kumapita kwawo mimba ili ndendende, miyendo ili yowongoka. Uwu ndiwo unali utumiki wa mayi Bernadetta, ndipo ankaunyadira.

Mwa onsewo, amene ankamudera nkhawa kwambiri ndi Ambrose, kalipentala waluso koma wa ludzu losatha. Anali mkamwini ku Phalula, ndipo anamupitikitsa atazula chitseko cha nyumba yake yomwe n'kukachisinthanitsa ndi kachasu. Chichokereni iye, mkazi wake Lukiya ndi ana ankatseka pakhomo ndi mphasa. Tsopano chaka chinali pafupi kukwana asanalawe. Anali atakhoma chitseko chatsopano cha mlombwa, chosalala ngati mbale, ndipo amalume ake a Lukiya, a Zuberi, anavomera kuti Lamulungu linalake Ambrose apite ku Phalula kuti akamuone ngati ndi munthu woti n'kubwerera pabanja.

Sabata yomweyo mayi Bernadetta analandira uthenga wamaliro ku Chikweo. Thobwa anali atawiritsa kale, ndiye ananyamuka mothamanga, n'kungowauza abusa kuti ndowa ili m'khitchini. Sanadziwe kuti Lachitatu abusa adzaperekeza wodwala kuchipatala ku Balaka, mapemphero n'kusunthira Loweruka. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Utale likuswa mtengo, ndipo ndowa ija inangokhala m'khitchini yamalata, yovundikira, ikuchita zake.

Anabwerako Loweruka masana. Akutsika pa kabaza anamva nyimbo pachisakasa, koma woimba anali mmodzi, ndipo ankaimba mokweza modabwitsa. Anapeza abusa Godfrey akuvina, tayi ili paphewa, pamene amuna onse anangoti zii, maso pansi, zikho zili zodzaza pambali pa mapazi awo.

"Mayi, mwafika!" anafuula abusa. "Thobwa la lero lili ndi mphamvu, lachita kunditsegula pakhosi!"

Amati tsoka silinunkha, koma ili linkanunkha kuchokera pamsewu. Thobwa linali litasasa n'kusanduka mowa weniweni. Amuna aja analizindikira litangokhudza lilime, koma ndani akanalimba mtima kuuza m'busa kuti akugawa mowa m'dzina la Yesu? Mayi Bernadetta anagubuduza ndowa ndi phazi, anawakhazika abusa pamthunzi, kenaka n'kuyang'ana nkhope imodzi ndi imodzi. Nkhope imodzi inasowapo.

"Ambrose ali kuti?"

"Anamwa chikho chonse," anayankha wina motsitsa mawu. "Kenaka anapempha china. Atamaliza anangodzuka n'kumapita."

Sanafunse kuti walowera kuti. Anamanga chitenje molimba n'kulowa m'kanjira ka m'thonje, kamene anali asanakapondenso chimwalirireni mlongo wawo. Kankathera kwa Matilda, mayi amene anatenga makasitomala awo onse. Anamupeza Ambrose atakhala pansi pa mtengo wa mango, kabotolo ka kachasu kali patsogolo pake, kodzaza.

"Mwamwa?"

"Iyayi, mayi. Ndikungomuyang'ana kaye."

Anakhala pansi pambali pake, mawondo akulira. Anamuuza kuti mlandu ndi wawo, kuti iwo ndiwo anasiya ndowa osachenjeza munthu. Ambrose anapukusa mutu.

"Choyamba chija ndi chanu. Koma chachiwiri ndinachita kupempha ndekha, ndikudziwa bwinobwino chimene chinali. Ndiye kuti mapemphero onse aja sanagwire. Mawa ndikaima bwanji pamaso pa a Zuberi? Madzi akatayika saoleka, mayi. Bola ndingomaliza."

Misozi inali ikutsika, ndipo dzanja lake linayamba kusendera ku kabotolo kaja. Mayi Bernadetta anayang'ana uku ndi uku ngati kuti m'busa angatulukire m'thonje, koma m'busa anali ataledzera pachisakasa. Kunalibe wina. Anapukuta manja awo pachitenje, manja omwe aja, n'kuwaika pamutu pa Ambrose. Pemphero lawo linatuluka ngati mmene amayankhulira ndi woyandikana naye nyumba.

"Ambuye, ndine Bernadetta, mukundidziwa. Sindidziwa kupemphera ngati abusa. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti thobwa likasasa silibwereranso, ungachite kulithira shuga. Koma uyu si thobwa. Ndi munthu wanu, ali ndi ana, ndipo wakhoma chitseko chabwino. Mlongo wanga ndinamuika m'manda. Uyu yekha ayi, Ambuye, ndakana."

Matilda, amene ankaonerera ali pakhonde, anatsitsa wailesi. Mayi Bernadetta atanena ameni, Matilda anabwera mwakachetechete, anatola kabotolo kaja n'kubwezera kachasuyo m'chigubu. Ambrose analira kwa kanthawi, kenaka anadzuka, ndipo awiriwo anabwerera m'kanjira komweko.

M'mawa mwake abusa Godfrey anadzuka mutu ukuwawa koyamba m'moyo wawo. Anapepesa gulu lonse akulira, ndipo amuna aja anawakonda kuposa kale, amati tsopano ndi mnzathu. Mayi Bernadetta sanadikire zonsezo. Anaperekeza Ambrose ku Phalula, chitseko atachimangirira panjinga, iye akukankha.

A Zuberi anawalandira pamphasa, Lukiya atakhala chapatali ndi ana. Mayi Bernadetta anali atakonza mawu njira yonse kuti asenze mlandu wonse okha, popeza nkhani inali itawanda kale. Koma atangoyamba, Ambrose anawadula.

"Pepani, mayi. Amalume, dzulo ndinamwa. Chikho choyamba chinali changozi, chachiwiri ndinafuna ndekha. Ndinapitanso kwa Matilda, koma kumeneko sindinamwe. Ndi zimenezo."

Mayi Bernadetta anangogwira pakamwa, mumtima akuti mwana uyu wadziwotchera yekha nyumba. A Zuberi anasisita ndevu.

"Kale munkabwera pano mukudzandira, n'kumalumbira kuti simunalawe," anatero. "Lero mwabwera mutawongoka, n'kudzinenera nokha. Sindikudziwa kuti ndikuyankheni chiyani. Chitsekocho kakhomeni, ana akulumidwa ndi udzudzu. Zinazo mwini wake ndi Lukiya uyo."

Ambrose anachotsa mphasa pakhomo n'kuyamba ntchito. Anayeza, anapala pang'ono m'mbali, anakhoma mahinjesi, ana atamuzungulira. Lukiya analowa m'nyumba. Atamaliza, Ambrose anakankha chitseko chija, anachikoka, kenaka anatolera zida zake n'kuima panja, chipewa chili m'manja, osadziwa kuti atsanzike kapena adikire.

Mawu a Lukiya anamveka kuchokera m'kati.

"Bambo a ana, mwayesa kunja kokha. Kodi loko wam'katiyu ayese ndani?"

Ambrose analowa, ndipo chitseko chinatsekeka bwinobwino, osalira. Mayi Bernadetta anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwauza a Zuberi kuti iwo azipita, kuli chimera choti akathire mawa.