Ndinanamizira Mfuko

Chingwe cha mafoni chija ndinadula ndine, ndi khasu langa, m'munda mwanga ku Kachebere. A kampani anachikwirira m'mphepete mwa msewu wopita kuboda, koma pokhota analowa m'munda wanga wa mtedza osandifunsa. Ndikupanga mizere, khasu linakodwa. Ndinakoka mwamphamvu, n'kuona timaulusi tonga galasi tili lende. Ndinafotsera ndi phazi msangamsanga, ndikuganiza za apolisi.

Masana kunabwera bambo wina wa kampaniyo, kamakina kali m'manja, n'kuima pamalo enieniwo.

"Mayi, mwalima pano lero?"

"Ayi bambo. Kuno mfuko zachuluka."

Anafukula chingwecho, kenako anayang'ana khasu langa. "Mfuko zakuno zimanola mano," anatero. Anandiuza kuti ndisaope: chikaduka kuno, mauthenga amakhota okha n'kudzera chingwe china, moti ogwira ntchito kuboda sanadziwe n'komwe.

Bodzalo limandichititsa manyazi mpaka lero, mayi wamvano wathunthu kunamizira kanyama. Koma kupepesa ayi, munda ndi wanga. Atalumikiza, ndinamuuza kuti akumbe mpaka m'chiuno n'kuchikwirira pamenepo, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anamaliza.