Maso a bambo a Tereza awapezera dokotala wina

Lachiwiri bambo a Tereza, amuna angawa, anabwera ndi chipewa chatsopano chowotcherera zitsulo, chotseka nkhope yonse, pamaso pali kagalasi kakuda bii. Kumwetulira kwawo ngati mwana wa ukaristia woyamba.

"Mwachitenga kuti?"

"Andipatsa mayi Nyirenda, aja ndikuwapangira geti ku Chilomoni. Akuti ndikuwononga maso."

Mayi Nyirenda! Mzimayi wa mu ofesi, wopanda mwamuna, pefyumu yawo imayamba kufika iwo asanafike. Maso a mwamuna wanga anawayang'ana nthawi yaitali bwanji mpaka kuona kuti akuwonongeka?

Inu anzanga, bambowa anayamba kuwotcherera mu Ndirande muno Tereza ali kumsana. Pano Terezayo naye ali ndi wake kumsana, ngakhale mkamwini wathuyo ntchito yake ndi bawo basi. Zaka zonsezi amavala magalasi adzuwa ogula kwa mavenda. Akadzuka maso ali psuu, misozi chuchuchu, akuti mwalowa mchenga, amawadulira mbatatesi n'kuika pazikope ndani? Ine. Masamba a tiyi ozizira? Ine ndemwe.

Lero wina wangotulukira ndi kagalasi, wasanduka dokotala.

Chikundiwawa n'choti mayiwo sananame. Akuti moto wowotcherera uja uli ndi kuwala kwina kosaoneka, kumene kumapsereza diso. Magalasi a mavenda amangodetsa, kuwalako kumadutsa ndithu. Kagalasi aka kamasefa, ngati sefa ya ufa. Chivalireni, maso a bambo ayera ngati a mnyamata. Mbatatesi zija tikungokazinga.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma abale, kalumoko mpaka kametere m'nyumba mwanga?

Tayendani m'mbali mwa msewu, ku Bangwe, ku Zingwangwa, muone amuna a eni akuwotcherera zitsulo. Wina akutchinga ndi dzanja, wina akungotsinzina, wina wapotolera nkhope kumbali ngati wakwiya. Ife makasitomala chathu n'kukalipa kuti mawindo atuluke msanga. Ndani anafunsapo kuti "bambo, maso ali bwanji?" Anafunsa ndi mmodzi yekha, ndipo anasankha wanga.

Dzulo ndinachinyamula chipewacho, ulendo wa kuchimbudzi. Ndinaima pakhomo. Ndikachiponya, amve kuwawa ndi mayi Nyirenda, kapena maso amene amatidyetsa tonse pakhomo pano? Ndinakachikoleka pamsomali pake.

Azivala, ndalola. Koma tsiku lokamanga geti ndikwera nawo minibasi, ndikawagwirire zitsulo. Nanga maso akachira chonchi chifukwa cha mkazi wina, inu mukuganiza kuti ayamba kuyang'ana ndani?