Mwendo Wanga ndi Apongozi Akuseri kwa Nkhokwe

Ndinabinya phazi lakumanzere ndisanakwatire, potsika njinga pa Songani, masiku amene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Kutupa kunatha, koma akakolo sanabwererenso mwakale. Ndikangoponda kamwala, phazi linkapindikira kunja, ine pansi.

Nditakwatira kwa Mwambo, ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Minda yawo ya mpunga inkalekanitsidwa ndi timizere tadothi topapatiza, ndipo mwezi woyamba wokha ndinagwera m'matope kangapo, khasu lili paphewa. Alamu anga ankayang'ana kumbali kuti ndisaone kuti akuseka.

Ine ndi apongozi anga aakazi sitinkalankhulana. Umenewo unali mwambo: tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Koma maso awo ankaona zonse. Tsiku lina m'mawa ndikusoka ukonde pakhonde, ndinamva mawu awo kuseri kwa nkhokwe, akulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ndimve.

"Iwe, uwauze abambowo kuti vuto silili kuphazi kokha. Akamayenda, chiuno chimagwera mbali imodzi."

Mkazi wanga anatembenuka. "Akuti chiuno chanu chimagwera mbali imodzi."

"Ndamva," ndinatero. "Uwafunse kuti ndichite chiyani."

Apongoziwo anali atagonapo kuchipatala ku Zomba atathyoka mwendo, ndipo namwino wina anawaphunzitsa zolimbitsa chiuno. Anati ndizigona chammbali pamphasa n'kumakweza mwendo wodwalawo pang'onopang'ono, bondo losapinda, mpaka m'thako mutenthe. Ndinayesa pomwepo. Sindinafike pakhumi, mwendo unayamba kunjenjemera.

"Akweza bwanji?" anafunsa ali kuseriko.

"Akupendekera kumbuyo, amayi."

"Asabere. Chiuno chiyang'ane kutsogolo."

Mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, inenso ndinalephera kudzigwira.

Zinapitirira choncho nyengo yonse yamvula. Pambuyo pake apongozi anasoka kathumba ka mchenga koti ndizimanga pamwendo. Kenako anati ukonde ndizisoka nditaima ndi mwendo umodzi. Masiku oyamba ndinkagwira nsanamira. Mlongo wake wa mkazi wanga akamadutsa ankati pamudzi pano tapeza kakowa woweta. Ankandiyendetsanso chammbali, mawondo opinda pang'ono, kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa mango. Nkhuku zinkandithawa.

Sindikudziwa tsiku limene zinasintha. Ndimangokumbukira kuti pokolola ndinasenza thumba la mpunga, phazi n'kuterereka pamzere, koma thupi linadzibweza lokha. Ndinaima kaye, kenako n'kupitirira.

Mvula itatha, apongozi anatumiza mawu ena: ndikaime m'bwato, pamadzi ofika m'mawondo. Bwato logoba silikhululuka. Tsiku loyamba linanditaya, asodzi oyanika matemba n'kundiombera m'manja. Ndinabwererako mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka miyendo inaphunzira kumvera madzi.

Chaka chomwecho kunali ukwati wa msuweni wa mkazi wanga ku chilumba cha Chisi, ndipo mwini bwato amene ankayenera kutiwolotsa anadwala malungo. Mkazi wanga anandiyang'ana.

"Mungathe?"

"Ndiyesa. Koma amayi akakwera, ndiima pati?"

Apongozi anakhala kutsogolo, atatipatsa msana, nsalu atafunda kumutu. Ine ndinaima kumbuyo ndi nsungwi yokankhira. Tinadutsa m'mabango, tinatulukira pamadzi oyera, mphepo ikutiwomba kumbali. Pakati panjira mkazi wanga anayambitsa nyimbo ya ku tchalitchi, mayi ake n'kuilandira ndi mawu okuya amene ndinali ndisanawamvepo.

Titafika, anthu a pachilumba anatilandira ndi mlamba wowamba ndi thobwa. Manja anali atatuluka matuza, koma ndinavina nawo mpaka dzuwa litapendeka, kenako tinanyamuka kuti tiwoloke kukadawala.