Kachipangizo M'thumba la Jekete

Ntchito yanga yoyamba ku Canada anandipezera ndi a Tembo, mkulu wa ku Chipata amene tinadziwana pamaliro ku Scarborough. Atamva kuti ku Mangochi ndinkaphunzitsa masamu, ananditengera kumalo ophunzirira kuwombera mfuti, kumpoto kwa Markham, komwe iwo ankapita Loweruka lililonse. Ine mfuti ndinkaiopa ngati njoka.

Mwayi wake sindinkawombera, ndinkangowerengera owombera patali. Chipolopolo chikamayenda chimatsika, ndipo mphepo imachikankha. Tsono ndinkayeza mtunda ndi kamakina ka kuwala kotchedwa leza, kenako kachipangizo kokhala ndi kafani kankandiuza mphamvu ya mphepo, chinyezi ndi kutentha. Manambalawo ndikawalowetsa mufoni, foniyo inkanena kuti kagudumu ka pa sikopu, galasi loonera la pamfuti, kapotozedwe kangati. Bwana wanga Glen anandichenjeza kamodzi kokha: “Kachipangizoka kazikhala panja. Kazimva kuzizira komwe chipolopolo chikumva.”

Nyengo yozizira itafika, a Tembo anabwera atachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Anali atalonjeza akazi awo kuti akalephera kulasa chandamale cha pa mamita 800, mfuti yawo aigulitsa. “Lero undi-spottere iwe, mwana wanga,” anatero, kutanthauza kuti ndiwawerengere ndine.

Tsikulo kunazizira mwankhanza. Zala zanga zinauma gwa, moti ndinapisa dzanja m'thumba lam'kati la jekete, kachipangizo kali m'manja momwemo. Nthawi itakwana ndinakatulutsa, n'kukopera manambala mothamanga. Kanali katafunda ndi thupi langa, ndiye kananena kuti kunja n'kotentha. Komatu mpweya wozizira ndi wolemera, umabweza chipolopolo. Anawombera kasanu, ndipo zonse zinagwera pansi pa chandamale.

Ndinazindikira ndikulongedza, nditaona nambala ya kutentha ikutsika yokha kachipangizo kali patebulo. Glen anali chapafupi, ine ndinali ndidakali pa miyezi yoyeserera, ndipo ndinatseka pakamwa.

Pobwerera ananditenga pagalimoto yawo. Tili pamaloboti anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. “Maso yasila, mwana wanga. Iwe wa-trya, vuto ni ine.” Ndinangoti, “Pepani, bambo.” Iwo anayesa ndikuwapepesa chifukwa cha maso.

Mfuti anagulitsadi, ndipo Loweruka ankangokhala pakhomo. Ine ndinkati ndiwauza ntchito ikakhazikika. Itakhazikika ndinkati ndiwauza kukafunda. Kutafunda ndinapita, koma kunali kuchipatala, atagwidwa sitiroko. Ndinawafotokozera zonse nditawagwira dzanja, misozi ili chuchuchu. Akazi awo anandisisita paphewa n'kunena kuti kuyambira dzulo lake sankamvanso munthu.

Lero ndine amene ndimaphunzitsa atsopano. Za thumba ndimawauza, koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene ndimalimbikira n'chakuti munthu akaphonya chifukwa cha nambala yako, umuuze asananyamuke pamphasa yowomberapo. A Tembo anamwalira akukhulupirira kuti maso awo anatha, pamene maso awo analibe vuto lililonse.